Chiguduli cha pa Mpando wa Bwana

Mundikhululukire inu amene mukuwerenga, chifukwa kulemba si ntchito yanga. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 kumudzi kwathu cha ku Goliati, ndipo zala zanga zinazolowera waya ndi sipanala, osati cholembera. Ndangolimba mtima chifukwa nkhaniyi ndinaiona ndi maso, ndipo amene inawagwera sadziwa kulemba. Pamene ndalakwitsa musandiseke kwambiri.

Ndinalowa ntchito pa garaja ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Thyolo ndili mnyamata wamanyazi, woti munthu akamandilankhula ndinkayang'ana zala zanga zakumapazi. Anandiika ku zamagetsi chifukwa ndinkatha kuwerenga timalemba ta pa mabatire ndi mafyuzi. Ndinkathira madzi m'mabatire a malole onyamula tiyi, kukonza nyali, mahutala ndi masitata. Wotiyang'anira anali akapitawo a garaja, bambo onenepa, odziwa injini kwabasi koma oopa waya ngati njoka.

Kumayambiriro kwa 1960 bwana wamkulu wa esiteti anagula galimoto ya ku Amereka kwa mzungu wina wa ku Limbe amene ankabwerera kwawo. Inali yakuda, yaitali ngati bwato, chiwongolero chili kumanzere, yopanda kilachi. Mipando yake inali ya chikopa choyera ngati mkaka. Koma chimene chinatisonkhanitsa tonse tsiku limene inafika ndi mpando wakutsogolo. M'mbali mwake, cha m'munsi, munali kaswichi. Ukakakankhira kutsogolo, mpando wonse unkayenda wokha kupita kutsogolo uku ukulira ngati njuchi. Ukakakokera kumbuyo, unkabwerera. Unkathanso kukwera ndi kutsika. Akalipentala a ku fakitale atauona anavula chipewa.

Woyendetsa bwana anali bambo achikulire a Chilomwe, aafupi kwambiri, amene tonse tinkangowatchula kuti adalaivala. Anabadwira pa esiteti pomwepo. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi ndipo anaikidwa m'manda a kuseri kwa mabulugamu. Mudzi wina analibe. Ankakhala ndi akazi awo ndi tizidzukulu m'nyumba ya kampani ya njerwa kumapeto kwa malaini a nyumba za antchito, nyumba yoyenda ndi ntchito ya dalaivala wa bwana. Ine ankanditchula kuti mwanaka, ndiye kuti mwana wanga m'Chilomwe, ndipo akazi awo ankanditumizira kalongonda m'kambale ka malata podziwa kuti ndilibe wondiphikira.

Mpando woyenda uja anaukonda kuposa aliyense. M'magalimoto akale ankakhalira pilo kuti aone kutsogolo. Tsopano ankangogwira kaswichi, mpando n'kuwabweretsa pafupi ndi buleki, n'kuwakwezanso.

"Azungu a ku Amereka anandiganizira, mwanaka," anatero. "Anamva kuti ku Thyolo kuli munthu wamfupi."

Dona, mkazi wa bwana, ndi amene sanakondwe. Anati thukuta la munthu wakuda lidetsa chikopa, ndipo anaitanitsa chiguduli ku sitolo ya fakitale kuti adalaivala aziyala asanakhale. Iwo sanadandaule. Anakachichapa kumtsinje mpaka malemba ake anafufutika. M'mawa uliwonse ankachiyala bwinobwino, n'kulowetsa nsonga zake kunsi kwa mpando kuti chisamatsetsereke, ndiponso kuti akatsegulira bwana chitseko ku kalabu, azungu ena asaone chiguduli chikulendewera. Lamlungu bwana ankayendetsa yekha. Anali munthu wamtali, wa miyendo ngati mitanda, choncho ankabweza mpando mpaka pothera. Lolemba adalaivala ankaubwezeretsa kutsogolo.

Lolemba lina mu Epulo tinaona galimoto ija ikulowa pa geti la garaja pang'onopang'ono ngati ya maliro. Adalaivala anali atakhala pa nsonga penipeni pa mpando, atakangamira chiwongolero ndi manja onse awiri, chala chakuphazi chikungokhudza buleki. Bwana anali kumbuyo, akuseka mpaka nkhope kufiira. Mpando unali utakanirira kumbuyo kumene anausiya dzulo lake.

Bwana anatsika, natiitana tonse. Chinyanja chake chinali chothyokathyoka, koma tinkachimva.

"Onani! Mpando wafa kapena miyendo yafa?" Anagogoda adalaivala pachipewa ndi kaliwo wake. "Loweruka ine pita Blantyre. Mpando palibe yenda, ine funa dalaivala wa miyendo. Iwe pita. Nyumba pita. Wamva, boyi?"

"Ndamva, bwana," anatero bambo aimvi aja.

Akapitawo anasuzumira kunsi kwa mpando, naona waya, nabwerera m'mbuyo.

"Izi ndi za mwana wa sukuluyu, bwana. Iyeyu ndiye wa magetsi."

Bwana anandiyang'ana koyamba chiyambire ntchito.  Ndinangoti, "Ndiyesa, bwana." Iye anakwera jipi n'kumapita kuminda.

Galimoto inatsala pa garaja, ndipo adalaivala anatsala nayo, chifukwa kunalibe kwina koti apite. Anakhala pa dilamu ya oyilo pafupi nane, chipewa chili pabondo.

Ndinayamba ndi zimene ndinkadziwa. Ndinayatsa nyali, zinayaka. Ndinaliza hutala, inalira. Ndiye kuti batire inalibe mlandu. Ndinagona chagada pansi pa chiwongolero n'kutsatira waya wochokera ku mpando mpaka ndinapeza fyuzi yake. Kagalasi kake kanali katada, kawaya ka m'kati katapsa.  Ndinathamangira ku sitolo, ndinatenga fyuzi ya mphamvu yofanana, ndinaiika.

"Gwirani kaswichiko, bambo."

Anagwira. Pansi pa mpando panamveka kubuula pang'ono, kenako fyuzi ija inangoti pha.

Amakaniko amene anatizungulira anaseka. Panali dalaivala wina wa lole, wamtali, mlamu wawo wa akapitawo, amene kuyambira tsiku limenelo sankasowa pa garaja. Ankazungulira galimoto ya bwana uku akupukuta galasi ndi mkono wa malaya.

"Musavutike ndi waya," anatero. "Konzani munthuyo. Tiwapanikize mapazi pa vayisi, tiwakoke ndi tcheni chokwezera injini. Pofika Loweruka akhala atatalika."

"Mnguru satalika," anatero akapitawo, potchula dzina lonyozera Alomwe. "Amangokula mutu."

Adalaivala anaseka nawo. Ankadziwa kuti mawu a akapitawo amafika ku khonde la bwana.

Tsiku lotsatira akapitawo anabwera ndi timatabwa ta mabokosi a tiyi timene anatikhomerera pamodzi, tiwiri, tokhuthala ngati njerwa. Anati ndi nsapato zatsopano za dalaivala wa bwana. Anyamata awiri anawagwira adalaivala, n'kuwamangirira timatabwato kumapazi ndi mphira wa chubu.

"Tayendani tione. Mpaka pa geti."

Anayenda. Pansi pa garaja panali poterera ndi oyilo. Anafika pakati, phazi linapotoka, anagwa n'kumenyetsa chigongono pa simenti. Yunifolomu yawo yoyera inada mbali yonse. Amayi amene ankadutsa ndi madengu a tiyi kupita ku sikelo anaima pa waya wa mpanda n'kumaonerera. Ine ndinamasula mphira uja. Pakamwa pawo panali pakumwetulirabe.

"Usayang'ane ine, mwanaka," anandinong'oneza. "Yang'ana mpando."

Ndinabwerera ku mpando. Mafyuzi ndinali nawo ochepa, ndipo wa ku sitolo anali atayamba kale kundiyang'ana moipa, choncho ndinaganiza zoyamba ndapeza chimene chikuwapsetsa. Ndinali ndi kababu ka nyali yakumbuyo ya lole kamene ndinakalumikiza ndi tiwaya tiwiri. Ukagunditsa kawaya kamodzi pa chitsulo cha galimoto, kachiwiri pa waya amene ukumukayikira, kababu kakayaka ndiye kuti moto ukufika. Ndinachotsa waya wopita ku mota ya pansi pa mpando, ndinaika fyuzi ina, ndinagwira swichi. Fyuzi sinapse. Ndinayesa kababu kumbuyo kwa swichi. Kukankhira kutsogolo, kanayaka. Kukokera kumbuyo, kanayaka. Kukweza ndi kutsitsa, chimodzimodzi. Ndinamasulabe swichiyo, ndinapala timano take ndi sandipepa, ndinaibwezera. Ndinapalanso pamene waya wobwerera amagwira chitsulo, chifukwa dzimbiri la pamenepo limanamiza anthu. Ndinatsata waya yense ndi chala kufuna pamene pasupuka. Panalibe.

"Nanga tsopano?" anafunsa adalaivala.

"Moto ukufika bwinobwino mpaka pakhomo pa mota, bambo. Vuto lili m'kati."

"Mota ikakhala yakufa?"

 Tonse tinkadziwa kuti mota yotero kulibe ku Limbe kapena ku Blantyre. Ikanachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo Loweruka silikanaidikira.

Ndinatenga batire ya lole, ndinalumikiza mota ija mwachindunji. Inabuula, inagwedezeka, koma sinazungulire, ndipo posachedwa inatentha moti sindikanaigwira. Ndinachotsa msanga. Ndinaganiza kuti chinthu chakufa sichibuula. Chimabuula ndi chamoyo chimene chagwidwa. Ndinalowetsa mkono, ndinamasula kamtambo kolumikiza mota ndi zitsulo zoyendetsa mpando, ndinayesanso. Mota inazungulira yokha mokondwa, fiii, ngati makina osokera.

Adalaivala anaimirira pa dilamu paja. "Ili moyo!"

"Ili moyo, bambo. Pali chimene chikuigwira."

Kuti ndione chimenecho panafunika kuzula mpando wonse. Ndinapempha chilolezo kwa akapitawo, ndipo anandiyankha kuti ndikang'amba chikopa andisenda changa. Ndinasamba m'manja ndi sopo kawiri. Tinayala mapepala pansi, ndinamasula mabawuti, ndipo ine ndi adalaivala tinautulutsa mpando uja ngati tanyamula wodwala, n'kuugoneka chafufumimba. Akapitawo anaima pambali, manja kumbuyo.

Kunsi kwake kunali njanji ziwiri, ndipo pambali pa njanji panali chitsulo chachitali cha mazinga ngati bawuti. Mota ikazunguza chitsulocho, mpando umayenda. Pa chitsulo cha mbali ya dalaivala panali chinthu chakuda chokulungika, cholimba, chachikulu ngati dzira la nkhuku. Ndinayesa kuti ndi girisi wouma ndi fumbi lofiira la m'misewu ya m'tiyi. Ndinathirapo palafini, ndinatokosa ndi sipoko ya njinga. Panatuluka ulusi. Ndinakoka, unabwera wina. Unali ulusi wa chiguduli. Nsonga zimene adalaivala ankalowetsa kunsi zinkakhudza chitsulo chija, ndipo ulendo uliwonse mpando ukayenda chinkakoka ulusi pang'ono n'kuukulunga, mpaka unadzaza mazinga onse.

Adalaivala anauzindikira ine ndisananene. Anakhala pansi pa simenti.

Akapitawo anawerama, anatola mpukutu wa ulusi uja ndi zala ziwiri, anaununkhiza, n'kuuponya m'kachitini ka fodya kamene kanali m'thumba mwawo.

"Akapitawo," anatero adalaivala, "zinyalala zimenezo tingotaya."

"Tizitaya, achimwene. Ine ndikatayira kutali."

Ndinatsuka chitsulo chija mzinga ndi mzinga mpaka chinawala, ndinapaka girisi watsopano, ndinayang'ananso mbali inayo. Tinabwezera mpando, ndinamanga mabawuti, ndinalumikiza waya, ndinaika fyuzi yomaliza imene ndinali nayo. Linali Lachisanu masana. Ndinagwira kaswichi ndili chogwada panja pa chitseko. Mpando unalira ngati njuchi n'kubwera kutsogolo. Unabwerera. Unakwera. Unatsika. Fyuzi inali bwinobwino.

Adalaivala anandigwira mutu ndi manja onse awiri. Ananena zambiri m'Chilomwe zimene sindinazimve zonse. Madzulo ake kambale kaja kanabwera kodzaza, pamwamba pali nthuli ya nkhuku.

Loweruka m'mawa anandiuza kuti ndiperekeze galimoto ku nyumba ya bwana. Ndinali ndisanapondeko. Adalaivala anayendetsa atavala yunifolomu yochapa, atakhalira chiguduli chopinda kanayi chimene sichinalendewere mbali iliyonse. Ine ndinatsatira pa njinga. Titafika tinapeza akapitawo ali kale m'munsi mwa masitepe a khonde, chipewa m'manja. Pakhonde panali bwana, dona ndi azungu ena awiri amene ankapita nawo ku Blantyre. Pa tebulo, pakati pa makapu, panali kachitini ka fodya kotsegula.

Bwana anatsika akumwetulira. Anandisisita mutu.

"Gudu boyi. Mwana wa sukulu."

Ndinene zoona, ndinakondwa. Palibe mzungu amene anandiyamikirapo chibadwire.

"Tsopano ife yesa," anatero. "Iwe khala momwemo."

Adalaivala anali atatsegula chitseko kuti atsike, koma anakhalanso. Bwana anawerama, nagwira kaswichi, nakokera kumbuyo. Mpando unawatenga mpaka mapazi analendewera m'malere. Azungu aja anaseka. Anaukweza, anautsitsa, anaukwezanso, adalaivala akungoyang'ana kutsogolo, manja pamawondo. Kenako anaukankhira kutsogolo. Unadutsa pamene ankauimitsira masiku onse. Chifuwa chawo chinafika pa chiwongolero. Bwana sanachotse chala, koma anayamba kuukwezanso, mpaka ntchafu zinapanikizika kunsi kwa chiwongolero ndipo mimba inadina hutala. Galimoto inalira. Agalu a bwana anayamba kuuwa. Chipewa chinagwa. Mota inkabuula monga inabuulira pa garaja, ndipo ine ndinayamba kupemphera kuti fyuzi ipse. Sinapse. Ndinali nditaukonza bwino.

Atachotsa chala, hutala inkalirabe. Anawasiya choncho n'kukatenga kachitini kaja. Kenako anabweza mpando pang'ono kuti mawu ake amveke.

"Ichi chiyani?"

"Ulusi, bwana." Mawu ankatuluka movutika.

"Wa chiyani?"

"Wa chiguduli, bwana."

"Ndani ika chiguduli pansi pa mpando wanga?"

"Ndinkafuna chisamaoneke, bwana. Adona anati ndisakhale pa chikopa."

Dona anaika kapu pansi. Iye Chinyanja ankachidziwa bwino kuposa mwamuna wake, chifukwa anakulira m'dziko muno.

"Ine ndinati uziyala pamwamba. Ndinakuuza kuti uzidyetsa makina? Anthu inu mukapatsidwa chinthu chabwino mumachiwononga basi."

"Chiguduli palibenso m'galimoto yanga," anatero bwana.

"Popanda choyala sakhala," anatero dona.

Anayang'anana, kenako onse anaseka, ngati apeza chinthu chosangalatsa. Adalaivala anatsika atagwira nthiti. Anatola chipewa, anachipukuta, sanachivale.

Sindikudziwa kumene ndinatenga mawu. Ndinkayang'ana pansi.

"Pepani, adona. Kanivasi sathothoka ulusi. Atelala a kampani akhoza kusoka chovundikira cha kanivasi, chomanga ndi zingwe pamwamba. Sichingafike ku makina."

 

"Wanzeru mnyamatayu," anatero dona. "Kapitawo, uza telala asoke lero."

Ndinayang'ana adalaivala, iwonso anandiyang'ana, maso awo atayamba kuwala.

"Ndipo dalaivala uja wa lole," anatero bwana, "wamtali uja. Lolemba iye yamba. Lero ine yendetsa ndekha." Analoza adalaivala ndi kaliwo. "Iwe, mwezi watha, nyumba chabe. Palibe katundu, palibe mwana, palibe nkhuku." Ankatanthauza kuti pakutha pa mweziwo akhale atachoka m'nyumba ya kampani ija.

"Bwana, mpando ukuyenda. Munati mpando ukayenda..."

"Mpando yenda chifukwa boyi uyu. Mpando wafa chifukwa iwe."

Anatulutsa chiguduli chija, anawaponyera pamapewa, anakhala pa chikopa, anabweza mpando mpaka pothera. Unayenda mosalala, osadodoma ngakhale pang'ono. Anakwera onse n'kumapita.

Potsika phiri adalaivala anakana kukwera njinga yanga. Tinayenda wapansi m'kanjira ka pakati pa tiyi, ine ndikukankha njinga, iwo chiguduli chili kukhwapa. Othyola tiyi ankadzutsa mitu n'kubwezanso. Pafupi ndi malaini anaima kuti apume, atagwirabe nthiti.

"Ntchito unaigwira bwino, mwanaka. Usalole munthu akuuze zina."

Sabata yotsatira anapita kwa akalaliki a ku ofesi kukapempha ntchito ya ulonda, ngakhale yosesa, kuti nyumba ina iliyonse ya m'malaini iwasunge. Anawayankha kuti bwana wanena kuti munthu wowononga katundu wa kampani salembedwanso. Anapita ku esiteti yoyandikana nayo, anapeza mbiri yafika kale. Akazi awo anayamba kugulitsa nkhuku ndi kukumba chinangwa chosakhwima cha kuseri kwa nyumba. Mlamu wa akapitawo ankadutsa pakhomopo madzulo aliwonse ndi mkazi wake, akuloza pamene adzaike khola. Tsiku lina anafika ndi chingwe n'kuyeza zenera eni ake ali momwemo.

Chovundikira cha kanivasi chinasokedwa bwino. Ndine amene anandituma kukachimanga, ndipo ndinaonetsetsa kuti zingwe zake zili kutali ndi chitsulo cha mazinga. Dalaivala watsopano sankakagwira n'komwe kaswichi kaja. Miyendo yake inali yofanana ndi ya bwana, choncho mpando unangokhala kumbuyo, pamalo omwe aja pamene unakanirira.

Tsiku lotuluka m'nyumba, adalaivala anabwera pa garaja m'mawa kudzabweza katundu wa kampani. Anali atavala kabudula ndi malaya ong'ambika pakolala, ndipo ndinaona koyamba kuti miyendo yawo inali yoonda ngati ya mwana. Anaika pa benchi chipewa, jekete loyera, buluku ndi nsapato. Pamwamba anaika chiguduli chija, chochapa, chopinda bwino.

"Ichinso n'cha kampani, akapitawo."

Akapitawo anachinyamula, anachitambasula, anandiponyera.

"Iwe wa magetsi, uzigonera pansi pa malole. Usamadetse ovolosi."

Ndinawaperekeza mpaka pa geti. Akazi awo anali panja ndi mtolo pamutu, tizidzukulu titanyamula miphika. Ndinafunsa kumene akupita. Anati akayesa cha ku Makwasa, kumene kuli munthu wina amene ankapemphera naye kale, kapena akawabwereka kamalo kuseri kwa khola. Anandipatsa kambale ka malata kaja kuti ndisunge. Ndinafuna kunena kanthu, koma akapitawo anali akukuwa kale kuti lole ya masamba yakana kulira ndipo tiyi akupsa ku sikelo. Ndinathamanga, ndinayala chiguduli chija pansi pa lole, ndinagona. Chinkanunkhira sopo. Pamene ndinkatuluka, pamsewu panalibe munthu.

Sindinawaonenso. Linali Loweruka, pa 30 Epulo 1960.